Mwana wanga amupeza ndi ledi m'magazi kuno ku Kabwe, nditani nalo dothi la pabwaloli?

NaBanda waku Kabwe: Odi pagulu pano. Ndimangowerenga zanu osayankha, koma lero ndabwera ndi yanga. Kwathu ndi ku Mchinji, ndinakwatiwa kuno ku Kabwe, tikukhala ku Makululu chaka chachisanu tsopano. Sabata yatha ndinapita kukiliniki ndi mwana wanga wazaka 3 chifukwa sakudya bwino, amangodandaula m'mimba, kuchimbudzinso amatha masiku atatu osapita. Malungo anamuyeza, alibe. Kenako anamubaya pachala n'kundiuza kuti ali ndi ledi wambiri m'magazi, papepala analembapo 52. Akuti ndisamamulole kusewera padothi. Abale anga, mwana wazaka 3 mungamuletse dothi? Pabwalo ndi dothi, msewu ndi dothi, mphepo ya Ogasitiyi ikamawomba ngakhale nsima imakukutika mchenga. Funso langa ndi lakuti, dothi loipali limatsukika? Nanga chitsime chili kuseri kwa nyumbachi, tizimwabe?

Angozo (admini): Pepani achemwali. Amene mukudziwa za nkhaniyi thandizani. Ogulitsa mankhwala ozizwitsa aja, musayerekeze n'komwe, ndifufuta.

NaChisale: Mayo ine. Ledi ndiye chiyani kodi? Ndi kachilombo?

Aphunzitsi a ku Zomba: Ayi, si kachilombo, ndi chitsulo. M'Chichewa chathu ndi mtovu, uja wolemera wotuwa amene amakhala mkati mwa batire ya galimoto, asodzi amamangiriranso ku ukonde kuti umire. Vuto lake n'lakuti suwola. Manyowa amawola, mafuta a galimoto otayikira pansi amatha pang'onopang'ono, koma mtovu ukagwera m'dothi zidzukulu zako zidzaupeza pomwepo. Ndiye tikamati kuyeretsa malo, tikutanthauza kuusamutsa kapena kuukwirira, basi. Kuupha kulibe.

Anamwino aku Leeds: NaBanda, ndiyambe ndi mwanayo, za dothi anena ena. 52 ameneyo ndi mamaikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi. A WHO amati ikangofika pa 5 muyambe kufufuza kumene mwana akuutenga, ndipo kuyambira pa 45 mwana amafunika mankhwala okoka mtovuwo kuti utuluke ndi mkodzo. Ndiye wanuyo si wodikira naye ayi. Bwererani mukapemphe kuti amutenge magazi a pamtsempha. Kubaya pachala nthawi zina kumakweza nambala ngati chalacho chinali ndi fumbi, koma musadalire zimenezo kuti mwina alakwitsa. Afunseninso za magazi ochepa, chifukwa mwana amene alibe ayironi wokwanira thupi lake limayamwa mtovu kwambiri. Mwana wanjala chimodzimodzi. Asamayambe kusewera m'mawa m'mimba muli gwa, ayambe wamwa phala.

NaChisale: Muzimupatsa mkaka wambiri, umatsuka poizoni. Ndiponso chammwamba.

Anamwino aku Leeds: Mkaka ndi chakudya chabwino, uli ndi kashiyamu, kapenta wodyera limodzi ndi minga yakenso ali naye. Koma sutsuka magazi, achemwali. Chammwamba chomera pabwalo lomwelo ndiye ayi ndithu, masamba ake amakhala ndi fumbi lomwe tikuthawalo.

Agogo Phiri: Nkhani ya mkakayi yandikumbutsa bambo anga. Iwo anachoka ku Dedza wapansi m'zaka za m'ma 1940 kukagwira ntchito pamgodi wa mtovu wa ku Kabweko, nthawiyo tawuniyo inkatchedwa Broken Hill, dzina la Kabwe linabwera mu 1966. Ankasimba kuti ogwira ntchito kung'anjo ankapatsidwa mkaka, ndipo onse ankakhulupirira kuti ndiwo mankhwala a utsi. Achinyamata mudziwe kuti pamalopo sipankangokumbidwa miyala ayi, panalinso ng'anjo yosungunulira mtovu ndi zinki. Miyalayo anaitulukira mu 1902, ntchito inayenda zaka pafupifupi 90, anatseka mu 1994. Ndi mgodi womwewu umene anafukulamo chibade cha munthu wakalekale mu 1921, chimene chili ku London mpaka lero. Utsi wa pachumuni zaka zonsezo unkapita kuti? Mphepo ya kumeneko kawirikawiri imachokera kummawa, ndiye unkakatera kumadzulo, ku Kasanda ndi ku Makululu kumene muliko inuko. Ku Chowa zinkafika kudzera mumngalande wochotsa madzi a pamgodi, ukasefukira nthawi ya dzinja. Mwana wanga, dothi mukupondalo ndi phulusa la ntchito ya agogo anu.

Ajere wa ku Joni: Ndiye bwanji osangosamuka? Zambia yonseyi malo atha?

NaBanda waku Kabwe: Achimwene, lendi ya ku Makululu ndi imene timakwanitsa. Bambo a kunyumba ntchito yawo ili konkuno. Mukuganiza kuti anthu masauzande onse ali kunowa sakonda ana awo?

Ajere wa ku Joni: Pepani mayi, ndinayankhula mothamanga.

Okumba Zitsime: Ndafika mochedwa, ndinali kuntchito. Ine ndili kumpoto kwa England, ntchito yanga ndi imeneyi, timayeretsa malo amene panali mafakitale akale asanamangepo nyumba. Sindine injiniya, ndine amene ndimagwira payipi ndi mabotolo, koma zaka 9 ndaonako zinthu.

Poyamba za dothi. Mtovu wochokera mu utsi sulowa pansi kwambiri, umakakamira pamwamba, kuya kwake ngati pamene khasu limalekeza. Mwayi wake ndi umenewo, tsoka lakenso ndi lomwelo, chifukwa pamwambapo ndi pamene mwana amakwawa n'kuika chala mkamwa. Njira zake zenizeni ndi ziwiri. Mutha kupala dothi la pamwambalo, kukalitaya kudzenje lokonzedwa bwino, n'kubweretsa dothi labwino. Apo ayi mutha kulitsekera pansi pomwepo ndi simenti, njerwa zoyala, kapena dothi latsopano lochindikala. Kuno pamalo amene padzakhale dimba la nyumba timathira dothi labwino lokwana masentimita 60, ndipo pansi pake timayala kansalu kolimba ka olenji. Kansaluko ndi uthenga kwa munthu amene adzakumbe patapita zaka 30, kuti akangokaona aleke, pansipo pali zoipa.

Chimene chimadula si kukumbako ayi. Ndi kusamala kuti pokumbapo usamwaze. Timapopera madzi tsiku lonse kuti fumbi lisadzuke, lole iliyonse amaiphimba ndi tenti, ndipo isanatuluke pageti imadutsa pamalo otsukira matayala. Tsiku lina dalaivala wina anathamangira kukadya osatsuka matayala, anasiya mizere iwiri ya matope mumsewu wa anthu. Ntchito inaima tsiku lonse, tonse tinagwira mabulashi kukwecha tala. Ovololo ya kuntchito sindipita nayo kunyumba, imatsala komweko.

Aphunzitsi a ku Zomba: Tiikepo manambala kuti anthu aone kukula kwake. Ku America bungwe loona zachilengedwe linkati dothi la pakhomo likafika mamiligalamu 400 a mtovu pa kilogalamu imodzi lifufuzidwe, ndipo mu Januwale 2024 anatsitsa kufika pa 200. Ku Kasanda anayezapo malo opitirira 3,000. Akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan anayeza ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, zotsatira zinatuluka mu 2015. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene mtovu wa m'magazi ake unali pansi pa 5, ndipo wina anapitirira 400. Anthu omwewa anayezanso nkhuku zachikuda zongoyendayenda, anapeza mtovu wambiri m'chiwindi ndi mu impso.

NaChisale: Nkhukunso? Nthutumba ndi chiwindi ndi zimene timapatsa ana!

NaBanda waku Kabwe: Ndili nazo zisanu ndi ziwiri pakhomo pano. Mutu wandizungulira. Nanga za chitsime zija?

Okumba Zitsime: Za chitsime ndiyankhe mosamala. Mtovu suyenda msanga m'madzi a pansi ngati mankhwala ena, makamaka kumene mwala wa pansi uli wa mtundu wa laimu ngati ku Kabwe, umagwidwa m'njira. Kwa mwana wanu mdani wamkulu ndi fumbi. Koma chitsime chokumba pamanja, chosavindikira, fumbi limagweramo, madzi a mvula othamanga pabwalo amalowamo, chingwe ndi ndowa zimagona padothi. Komanso pamene pali zinyalala za mtovu ndi zinki pamakhalanso chitsulo china chapoizoni chotchedwa kadimiyamu, ameneyo amayenda mosavuta. Ndiye osayeza simungadziwe. Madzi a mtovu sanunkha, sasintha mtundu, amaoneka mbee ngati a m'botolo. Ngati pali mpopi kapena kiyosiki pafupi, akumwa ndi ophikira tengani kumeneko. Chitsimecho chimangireni kakhoma ndi chivindikiro.

NaChisale: Akawiritsa bwanji? Kapena kuthira WaterGuard?

Aphunzitsi a ku Zomba: Zonsezo ndi za tizilombo ta kolera ndi kutsegula m'mimba. Klorini sachita kanthu pa chitsulo. Kuwiritsa ndiye kumaonjeza, chifukwa madzi amachepa ndi nthunzi pomwe mtovu watsala wonse mumphika. Ganizirani mchere mundiwo zikaphwera.

Wa pa Ndix: Madala Okumba Zitsime, ndilowereko ngakhale nkhani ndi ya ku Zambia. Ndagula kapuloti kuno ku Blantyre, mbali ina kamachita malire ndi mpanda wa fakitale imene inatsekedwa kalekale. Akuluakulu a m'deramo akuti ankapangamo zinthu zachitsulo, kenako anyamata ena ankaswerapo mabatire. Ndimafuna ndikumbitse chitsime chifukwa mipopi imauma pafupipafupi. Zanu mwalembazi zandiopsa.

Okumba Zitsime: Amwene, yanuyo ndiye ntchito yanga yeniyeni. Fakitale ya zitsulo imandiopsa kuposa mgodi tikanena za madzi. Kale ankatsuka girisi pazitsulo ndi mankhwala ena otchedwa TCE, ndipo akatha ntchito ambiri ankangokhuthulira kuseri kwa shedi. Dizilo akalowa pansi amayandama pamwamba pa madzi, umatha kumuwengula. TCE ndi wolemera kuposa madzi, amamira mpaka akakhale m'ming'alu ya thanthwe, ndiye amasungunuka pang'onopang'ono ngati switi mkamwa, zaka makumi. Madzi a pansi amayenda, ngakhale mwaulesi, kulowera kumtsinje. Akamadutsa pamenepo amatenga poizoni n'kupanga mchira wautali pansi pa nyumba za anthu amene sanaonepo n'komwe fakitaleyo ikugwira ntchito.

Kuti tidziwe kumene mchirawo walowera timaboola timijigo ting'onoting'ono kuzungulira malowo, ena kumtunda, ena kumunsi. Si tomwa ayi, ndi toyezera. Pamalo ena amene panali fakitale ya zida za injini, ndinatsitsa kachubu koonekera mkati kotungira madzi, mamita 14. Potulutsa, pamwamba madzi oyera bwinobwino, koma pansi pa kachubuko panali zakuda zokwana chala chimodzi, fungo lake lotsekemera ngati guluu wa nsapato. Fakitaleyo inatsekedwa ine ndisanabadwe. Kuyeretsa kwake timapopa madziwo, kuwadutsitsa m'mathanki a makala apadera, n'kuwataya akayera. Pena timathira pansi mankhwala kapena chakudya cha tizilombo timene timaphwanya TCE. Pampu ya pamalo amenewo ndinaipeza ikulira, ndipo mwina ndidzapuma ntchito ikulirabe.

Ndiye inu musanalipire okumba, onani kaye kuti puloti yanu ili kumtunda kapena kumunsi kwa fakitaleyo. Ngati anansi a kumunsi ali ndi chitsime, yezetsani madzi awo. Chitsime chanu chikayamba kupopa chimatha kukokera mchira uja kwa inu.

Wa pa Ndix: Ndili kumunsi madala, kuyang'ana ku Mudi. Kuyezetsako ndi kuti?

Aphunzitsi a ku Zomba: Yambani ndi a Malawi Bureau of Standards muli nawo pafupiwo, kapena labu ya ku MUBAS, Poly yakale ija. Unduna woona za madzi ulinso ndi labu yake yaikulu ku Lilongwe. Koma mukanene mwatchutchutchu kuti mukufuna ayeze zitsulo monga mtovu, kadimiyamu ndi kromiyamu, ndipo mufunse ngati angayezenso mankhwala otsukira zitsulo aja. Mukangoti "ndiyezereni madzi" akuyezerani tizilombo ndi mchere, mubwerako ndi pepala lokoma lopanda yankho la funso lanu. Botolo mukatenge kwa iwowo, osati la Sobo lotsuka ndi sopo. Dothi la pamene ankaswera mabatirepo liyezedwenso musanadzale mpiru. Palinso a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, kalembereni kalata kuti nkhaniyo ikhale m'mabuku mwawo.

Ajere wa ku Joni: Munthu wagula puloti ndi ndalama zokhetsera thukuta, ayezetsenso yekha uve wa anthu ena. Dziko ili. Tibwerere ku Kabwe, ine funso langa ndi limodzi: anadya phindu ndani? Ameneyo ndiye akolope.

Mlamu wa Maloya: Funso limenelo linafika kukhoti kwanu ku Joniko. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele a ku Johannesburg, mothandizana ndi a Leigh Day a ku London, anakasuma kampani ya Anglo American South Africa m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe pafupifupi 140,000. Iwo akuti kampaniyo inali ndi mphamvu pa kayendetsedwe ka mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo ikukana, ikuti inali ndi masheya ochepa chabe, sinali mwini mgodi, ndipo boma la Zambia litautenga unayendanso zaka 20 m'manja mwa makampani aboma mpaka kutsekedwa pansi pa ZCCM. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, odandaula anachita apilo ku Supreme Court of Appeal ku Bloemfontein. Ine sindiweruza pano. Ndingoti mwana amene anali ndi zaka 3 tsiku losuma lija pano ali ku pulayimale.

Kuti muone kutalika kwa njira ya khoti, onani ku Owino Uhuru ku Mombasa. Kumeneko kunali fakitale yosungunula mabatire akale pakati pa nyumba za anthu, inatsegulidwa mu 2007 n'kutsekedwa mu 2014. Mayi Phyllis Omido, amene ankagwira ntchito pomwepo mwana wawo n'kudwala, ndiwo anatsogolera anthu. Mu 2020 khoti linagamula chipukuta misozi cha mashilingi 1.3 biliyoni ndi ena 700 miliyoni oyeretsera malowo. Khoti la apilo linagwetsa chigamulocho mu 2023, khoti lalikulu kwambiri n'kudzachibwezeretsa mu Disembala 2024. Zaka 10 chitsekereni fakitale.

Wa ku Kitwe: Komatu tisanene ngati ku Kabwe sikunachitikepo kanthu. Ndalama zinabwera kawiri konse kuchokera ku World Bank. Panali Copperbelt Environment Project kuyambira 2003 mpaka 2011. Kenako mu 2016 anavomereza madola 65.6 miliyoni a pulojekiti ya ZMERIP, ya Kabwe, Kitwe, Mufulira ndi Chingola, imene inatha mu 2024. Ana anayezedwa, ena analandira mankhwala, mngalande uja anaukonza, m'masukulu ena ndi m'makomo ena anayala njerwa. A bungwe la Pure Earth nawonso anakwirirapo mabwalo a nyumba zina ku Chowa ndi dothi labwino.

NaBanda waku Kabwe: Zimenezo n'zoona, kusukulu ina kuno anayaladi njerwa, ndi pokongola. Koma tulukani pageti la sukuluyo muyang'ane chakummawa. Chimulu chakuda cha zinyalala za mgodi chili pomwepo, chosaphimba. Timachitcha Black Mountain ngati chanu cha ku Kitwecho. Malole amatuluka kumeneko atadzaza, ena osaphimba n'komwe, amadutsa mumsewu momwe ana akupita kusukulu. Ndikapukuta pawindo m'mawa, pofika masana chala chimalemba dzina.

Okumba Zitsime: Apo ndiye pagona nkhani yonse. Kuntchito kwathu lamulo loyamba ndi lakuti tseka gwero kaye. Kuyeretsa makomo chimulu chili poyera n'chimodzimodzi kukolopa m'nyumba denga likudontha. Pamenepo pali zinyalala matani oposa 5 miliyoni, palibe amene angazisamutse zonse. Chimene amachita kwina ndi kuchisalaza chimulucho, kuchiphimba ndi dongo lotsendera bwino kapena pulasitiki wochindikala, kuthira dothi pamwamba, kudzala udzu, kukumba ngalande zoti madzi a mvula asalowemo, n'kuika mpanda. Ndiye pakhale anthu oyendera chaka ndi chaka, kuyeza timijigo tija, kukonza pamene pakokoloka. Ntchito yosasangalatsa, yopanda riboni yodula, n'chifukwa chake imasowa mwini pulojekiti ikatha.

NaChisale: Bwanji osadzala vetiva paliponse? Ndinamva kuti amayamwa poizoni.

Aphunzitsi a ku Zomba: Vetiva ndi wabwino pogwira dothi kuti lisauluke kapena kukokoloka, monga timachitira m'migula. Koma kuyamwa mtovu wa 3,000 uja mpaka utha, tonse pano tidzakhala titaiwalika. Ndiponso udzu woyamwawo ukautentha kapena mbuzi ikadya, mtovu wabwerera pomwe unachoka.

Ajere wa ku Joni: Mukati aike mpanda, anyamata amene amatola miyala pamenepo adya chiyani? Ndimawadziwa anyamata otere, kuno amalowa m'migodi yakale ya golide. Munthu wanjala sungamuopseze ndi matenda obwera patapita zaka 10.

Wa ku Kitwe: Apa Ajere mwanena zoona. Kuno anyamata oterewa timawatcha majerabo, ndipo iwowo ndi mavoti, palibe wandale amene amafuna kulimbana nawo. A bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch analemba za Kabwe mu 2019, analembanso mu 2025 kuti zinyalala zikutengedwa pachimulu paja n'kukaunjikidwa m'malo ena a m'tawuni kuti akazisungunule. Ndiye gwero limene linali limodzi likubala ana. Ifenso kuno tinaona zathu pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za asidi la kampani ina ku Chambishi litaphulika n'kuthira mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama, mipopi ya mu Kitwe anaitseka, ndege zinkamwaza laimu mumtsinje.

Aphunzitsi a ku Zomba: Laimu amapha ukali wa asidi, koma zitsulo zimene zinali m'madzimo zimangodikha n'kukhala m'matope a pansi pa mtsinje. Kusamutsa kuja ndinanena poyamba.

NaBanda waku Kabwe: Ndinene chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a kunyumba, timakhala naye. Iyeyo ndi mmodzi mwa anyamata opita kuchimuluko. Amabwera madzulo ali mbuu ngati wagwa m'thumba la simenti, mwanayu amamukonda kwabasi, amamuthamangira kukamukumbatira m'miyendo. Zovala zake ndimachapa ndine, m'beseni lomwe ndimasambitsira mwana. Ndalama yake ndi imene timagulira ndiwo masiku ena.

Anamwino aku Leeds: Musachite manyazi, mwachita bwino kunena, chifukwa apa ndi pamene mungasinthe lero lomwe osadikira boma. Mlamu wanuyo azivula ndi kusamba asanalowe m'nyumba ndiponso asanagwire mwana. Nsapato zizitsala panja. Zovala za kuchimulu zikhale m'thumba lakelake, beseni lakelake, madzi ochapira musathire pamene mwana amasewera kapena padimba. Iyenso akayezetse. M'nyumba musasese ndi tsache louma, muzikolopa ndi kupukuta ndi kansalu konyowa. Mwana asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya chilichonse, ngakhale chitumbuwa, zikhadabo zikhale zowenga. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, ndipo umakhudza ubongo umene ukukula.

Ndifunsenso, pepani ngati ndalowa m'kati kwambiri. Muli oyembekezera munkadya dothi?

NaBanda waku Kabwe: Ndinkadya. La pachulu, lina logula pamsika. Ndinkalilakalaka koopsa.

Anamwino aku Leeds: Ambiri timatero, kawirikawiri ndi chizindikiro cha kuchepa kwa ayironi. Nanunso kayezetseni, makamaka ngati mukuganiza za mwana wina. Mtovu umabisala m'mafupa zaka zambiri, ndiye pa mimba thupi likamatenga kashiyamu m'mafupa kuti lipatse mwana, umatuluka nawo.

Chinanso, mankhwala aja akayamba, adokotala akuuzani kuti mwana asabwerere pafumbi lomwelo. Ku Zamfara ku Nigeria mu 2010 kunamwalira ana oposa 400 chifukwa makolo ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu m'makomo. Madokotala a bungwe la MSF anaona kuti kupereka mankhwala mudzi usanayeretsedwe n'kutunga madzi ndi dengu. Ndiye mabungwe othandiza ankayamba ndi kupala dothi la pamwamba m'makomo ndi makasu, kulikwirira kudzenje, kuthira latsopano, kenako mankhwala. Ngati kuli kotheka kuti mwanayo akakhale kwa agogo ake ku Mchinji kwa kanthawi akamaliza mankhwala, ganiziraniponi. Koma mugwirizane kaye ndi adokotala ake za tsiku loyezanso.

Agogo Phiri: Ku Mchinji mpweya ndi wabwino, mtedza uliko. Mutumizeni mwanayo, mayi.

NaBanda waku Kabwe: Ndabweranso abale, papita masiku 12. Magazi a pamtsempha anatuluka 47, ndiye amuyambitsa makapisozi, amanunkha ngati dzira lovunda, ndimachita kutsegula n'kusakaniza ndi phala. Akutinso magazi ndi ochepa. Mlamu anakwiya masiku awiri, amati ndikumutenga ngati wakhate, koma bambo a kunyumba atamuonetsa pepala la mwana anangoti zii. Pano amasambira kuseri asanalowe. Nkhuku ndazitsekera m'khola. Tagula matumba 6 a simenti kuti tiwake pakhonde ndi pamene mwana amasewera, koma alandilodi akuti tikawaka nyumba yakwera mtengo, lendi ikweranso. Ndaseka ngati nthabwala koma akunenetsa.

Mlamu wa Maloya: Musanathire simenti ngakhale fosholo imodzi, mulemberane kapepala kuti lendi sikwera kwa chaka kapena ziwiri, asayine pamaso pa mboni. Akakana, auzeni kuti mtengo wa simentiyo uchotsedwe pa lendi.

Okumba Zitsime: Ndipo powakapo musayambe ndi kusesa kapena kukumba pouma. Nyowetsani kaye usiku wake, mwana akhale kwa anansi tsiku limenelo. Dothi lililonse limene mwapala musakathire kuseri kwa nyumba kapena mumsewu, likhale pansi pa simenti pomwepo. Mchenga ndi miyala afunseni ogulitsa kumene azitenga, anthu ena amagulitsa zakuda za kuchimulu zomwezo ngati zowakira, n'zotchipa. Mukaona zonyezimira ngati magalasi osweka, zibwezeni.

Ajere wa ku Joni: Matumba 6 sakwana pakhonde ndi pabwalo. Ndilembereni kumbali mayi, ndiwonjezerapo awiri, ndilipire mlandu wa pakamwa panga paja.

Wa pa Ndix: Ine okumba aja ndawaimitsa kaye. Anansi a kumunsi avomera kuti titenge madzi a m'chitsime chawo Lolemba, koma akuti zikatuluka zoipa ndisawauze akazi awo.

NaBanda waku Kabwe: Zikomo Ajere, Mulungu akudalitseni. Pakali pano ndayala mkeka ndi lona pabalaza, ndamugulira timagalimoto ta pulasitiki kuti aiwale panja. Dzulo ndinangoona kuti m'nyumba mwachita bata lokayikitsa. Kusuzumira kuseri kwa mpando, ndinamupeza ali ndi supuni ya tiyi, akukumba mumphika wa maluwa.